Abiti Jafali Sanathawe ku Munich

Uthenga wa maliro a Abiti Jafali unandipeza ndikusita mikanjo ya bwana kuno ku Al Thumama. Mdzukulu wawo wa ku Namwera anatumiza mawu pafoni kuti agogo atisiya, ndipo awaika tsiku lomwelo monga timachitira Asilamu. Ndinazimitsa nsimbi n'kukhala pansi pa matailosi. Misozi isanatsike n'komwe, pagulu lathu lapafoni la Amalawi a ku Doha wina anali atalemba kale kuti, "Kodi si amayi aja anathawa ku Germany?" Wina n'kuyankha kuti, "Omwewo." Anthu amene sanadyepo nawo m'mbale imodzi, amene sanakalipiridwepo nawo, akuwadziwa ndi mawu amodzi okhawo. Ine zimenezi zandisowetsa mtendere. Amayi aja analibe mwamuna, analibe galimoto kapena golosale yodzitamira nayo kumudzi. Chimene anali nacho ndi dzina, ndipo ndikuopa kuti ife amene tinkawadziwa tikakhala chete, dzinalo liola tikuona.

Pa pasipoti anali Hawa, ndipo Aarabu ankawaitana choncho. Ife tinkati Abiti Jafali, kapena kungoti Amayi. Anali aafupi, ojintcha, a mawu aakulu, ndipo kamtengo kotsukira mano sikankachoka pakamwa pawo. Anafika ku Doha ambiri a ife tisanamve n'komwe kuti kuli dziko lotchedwa Qatar. Amuna awo atamwalira anadzera kwa ajenti wina wa ku Dar es Salaam n'kugwera m'nyumba yaikulu ku Al Duhail, ndipo sanasinthepo nyumba mpaka tsiku lonyamuka. Mwana wamwamuna wa m'nyumbamo, Hamad, anamulandira ali wa matewera n'kumulera mpaka anamera ndevu. Iye ankawatcha Dada Hawa, monga Aarabu amatchulira wolera ana, ndipo ngakhale atakula ankalowabe kukhitchini kudzakokota mpunga wa pansi pa poto ataimirira.

Abale a Madamu awo akafuna wantchito sankavutika ndi kupita kwa ajenti. Ankangoti, "Hawa, tipezere wina ngati iwe." Ine ndinabwera choncho. Ndimagwira ntchito kwa mng'ono wake wa Madamu awowo, ndipo tsiku limene ndinafika, Amayi anandigwira dzanja pageti n'kundiuza kuti ndikadzaba ngakhale supuni, wakuba adzakhala iwowo, ndipo adzandithyola khosi asananditumize kwathu. Sindinaseke chifukwa nawonso sanaseke.

Wotchi sankavala. Hamad anawagulirapo ina yonyezimira, iwo n'kuitumiza kumudzi kwa mlamu wawo. Ankati kuseri kwa mpanda kuli mzikiti, ndiye wotchi ndi ya chiyani. Azana ya m'mawa, kuitana kwa kumzikiti kuja, ikamveka ankadziwa kuti akaswali akande ufa wa buledi. Ya masana inali ya mpunga, ya Asiri inali ya tiyi wa Madamu, ya Magharibi inali yotseka makatani ndi kufukiza lubani m'zipinda. Moyo wawo wonse unkayenda ndi mawu a munthu amene sanamuonepo nkhope. Pafoni ankadziwa batani limodzi lokha, lojambulira mawu, ndipo ankakuwirapo ngati akuitana munthu kutsidya kwa mtsinje. Timanambala ta nthawi tija sankationa, koma magalasi ankakana kwamtuwagalu. Ankati Madamu akangowaona ndi magalasi ayamba kuwawerengera zaka.

Lachisanu, amene tapatsidwa ofu tinkakumana ku Umm Ghuwailina, m'kachipinda ka Dailesi, mayi wa ku Chipata amene amachapa zovala kuhotela. Abiti Jafali akalowa, ife tonse tinkakonza mipango. Ankayang'ana zikhadabo, ankanunkhiza mapoto, ankafunsa amene sanaimbire mayi ake sabata imeneyo. Ukanama ankadziwa. Koma akakhuta n'kutambasula miyendo, ankayamba nyimbo yawo ya masiku onse, yoti atopa. Osati kutopa kwa thupi, ayi. Ankati maso awo ndi amene atopa, chifukwa chaka ndi chaka amaona khitchini, chipinda chochapira ndi mpanda, kenako mpanda, chipinda chochapira ndi khitchini. Ankati matailosi onse a m'nyumba ija amawadziwa, ndipo lina lili ndi mng'alu wofanana ndi msewu wa ku Chiponde.

Chaka chilichonse kutentha kukafika poipa, banja lonse linkanyamuka kupita ku Ulaya. Ankatenga mtsikana wa ku Philippines wosamalira ana, Amayi n'kuwasiya kuti azithirira maluwa ndi kudyetsa amphaka. Pobwera ankawabweretsera chokoleti. Amayi ankabwera nacho ku Umm Ghuwailina n'kutigawira mokwiya, akunena kuti iwo sakufuna kudya Ulaya, akufuna kumuona. Dailesi ankawaseka kuti akaona chiyani kumene sanaone pa TV. Iwo ankati pa TV sipamveka mphepo.

Awiriwa anakanganapo koopsa, ndipo apa ndiyenera kunena zoona, Amayi anali ouma mtima. Panali mtsikana wina wa ku Ntaja, Shakira, amene anamupezera okha ntchito. Abwana ake sankamulola kugona mokwanira, ndipo tsiku lina anatuluka ndi zinyalala osabwereranso. Kuno bwana akakulipota kuti wathawa amati huroob, ndipo zikatero watha, ukangogwidwa ndi kundende kenako ndege. Shakira anabisala kwa Dailesi. Amayi atamupeza Lachisanu anakana kulowa, anaima pakhomo chikwama chili kukhwapa.

"Iwe ukathawa wekha, ukudziwa kuti watsekera angati chitseko?" anatero. "Mawa ndikanena kuti ndili ndi mwana wabwino kwathu, andikhulupirira ndani?"

"Amayi, mwanayu taonani maso ake," anatero Dailesi. "Inu mwakhalitsa m'mpanda mpaka mwayamba kuukonda."

"Ine sindiukonda. Koma sindinaudumphepo, ndipo sindidzaudumpha."

Anatembenuka n'kumapita, ndipo sanalankhulane ndi Dailesi Ramazani yonse. Shakira atagwidwa, Amayi anandipatsira sopo, chitenje chatsopano ndi mafuta odzola kuti ndipeze njira yomufikitsira, n'kundiopseza kuti ndikanena kumene zachokera andidula lilime. Koma pamaso pa anthu sanabweze mawu awo. Mawu oti wothawa ankawatchula ngati akulavula.

Ndiye chaka chija mtsikana wa ku Philippines anapita kwawo kukakwatiwa, ndipo Madamu ankafuna kukaonetsa mawondo awo kwa madokotala a ku Munich. Anati Hawa apite. Amayi anandiimbira akupuma mwabefu, ine n'kuganiza kuti kwagwa maliro. Sabata zotsatira anali ngati mkwatibwi, koma mkwatibwi wamantha. Ankaopa ndege, ankaopa nyama ya nkhumba, ankaopa agalu amene anamva kuti kumeneko amalowa m'sitolo. Kukatenga viza, makina ojambulira zala anawakana kangapo chifukwa mizere ya zala zawo inali itadyeka ndi mankhwala ochapira, ndipo anabwerako akudandaula kuti ulendo wafera pa chala. Anabwereka majekete awiri ndi masokosi a ubweya. Lachisanu lomaliza Dailesi anati, "Amayi, mukakafika musakabwerenso, kumeneko ngakhale wokalamba amapeza job." Tonse tinaseka. Amayi anaika kapu pansi n'kunena kuti mawu amenewo asadzawamvenso ngakhale mocheza.

Atafika, mauthenga ankabwera m'mawa ndi madzulo. Akuti kukuzizira ngati ku Namwera nthawi ya chiperoni. Akuti azungu amanyamula okha matumba awo, ndipo nkhalamba zimakwera njinga. Akuti mumsewu mwadzaza Aarabu, amayi a mipango ali ponseponse, moti sukuona kuti uli kutali. Koma patapita masiku mawu anayamba kutsika. Zonsezi ankazionera pazenera la fulati imene anachita lendi. "Patuma," anatero mu uthenga wina, "ndakwera ndege kudzasintha khitchini. Iyi ndi yaing'ono, basi."

Tsiku limene ndikufuna kunena linali Lachitatu. Kuno kunali kutada kale, ine ndikutsuka makapu, pamene Madamu anga anandiitana ndi mawu amene sindinawamvepo. Ndinawapeza pabalaza atagwira foni, ndipo pafonipo panali nkhope ya mkulu wawo, Madamu a Abiti Jafali, maso ali psuu. Kumbuyo kwawo zenera la ku Munich linali lowala ngati masana.

"Hawa akudziwa ndani ku Germany?" anandifunsa a pafoniwo.

"Palibe, Madamu."

"Usaname. Ali ndi m'bale ku London? Ku Ireland? Anakuuza chiyani asananyamuke?"

Pang'ono ndi pang'ono ndinamva nkhani yake. Hamad ndi amene anachonderera mayi ake kuti Dada Hawa wabwera ulendo wonsewu osaponda ngakhale udzu, amulole akaone paki. Atadya chakudya cha masana anawaperekeza mpaka pangodya, n'kuwalozera kuti awoloke msewu, mitengo ikuonekayo ndi pomwepo. Madamu anati abwere nthawi ya Asiri adzapange tiyi. Asiri inakwana, tiyi osaoneka. Hamad anapita kupaki, anayang'ana m'mabenchi a pafupi ndi msewu, osawapeza.

Kenako Madamu a pafoniwo anayamba kunditchulira zimene apeza. Foni aisiya pa chaja. Avala majekete onse awiri. Atenga chikwama chawo chachikulu. Asita zovala za banja lonse, aphikiratu chakudya chamadzulo n'kuchivundikira bwinobwino. Chaka chapitacho wantchito wa msuweni wawo anasowa ku Paris, ndipo naye anachita chimodzimodzi, kusiya foni ndi kukonza m'nyumba ngati akutsanzika. Ine ndinkadziwa kuti foni ya Amayi inkagwira m'fulati mokha, kunja inali chitsulo chabe. Ndinkadziwa kuti amaopa kuzizira, kuti chikwama chija samasiyana nacho chifukwa mumakhala mkeka wawo woswalira, ndiponso kuti sangatuluke m'nyumba ntchito ili pakati. Ndinayesa kufotokoza m'Chingerezi changa chothyokathyoka, koma ndinkadzimva ndekha kuti ndikumveka ngati munthu wobisa mnzake.

Kumbuyo kunamveka mawu a Baba, amuna awo a Madamu. Ankati khalas, kutanthauza kuti basi, akuimbira apolisi a kumeneko, ndipo m'mawa auza a ku ofesi kwawo kuno kuti akalembetse huroob. Hamad ankakuwa kuti adikire mpaka Magharibi. Bambo ndi mwana anakangana m'Chiarabu chothamanga, ine ndikungotola dzina loti Hawa. Madamu anga anatambasula dzanja kuti ndiwapatse foni yanga. Anamvetsera mauthenga a Amayi mmodzimmodzi ngakhale samva Chichewa, n'kumandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Ndinakhala nawo zaka osandiyang'anapo choncho.

Anandiuza kuti ndikhale pampando wa pakhomo ndisachoke. Ndinkaona Amayi atagundidwa ndi sitima za mumsewu zija, ndinkawaona atagwa ndi BP pakati pa anthu osamva chilankhulo chawo, opanda pepala lililonse m'thumba chifukwa pasipoti inali kwa Baba. Ndipo pansi pa zonsezi panali mantha ena amene ndinkachita nawo manyazi, oti mwina maso aja anatopadi kuposa mmene tinkaganizira. Azana ya Isha inali itamveka kale kuno, koma pafoni ya Madamu dzuwa la kumeneko linkangokana kulowa.

Anabwera okha. Izi ndikufuna aliyense amene amalemba pagulu lija azimve. Palibe wapolisi amene anawagwira, palibe amene anawapeza kusiteshoni kapena kunyumba kwa munthu wa ku Nigeria monga ena akhala akunenera. Anagogoda pachitseko cha fulati kunja kukadali kowala, majekete atanyowa ndi mvula yowaza, udzu utamatirira kumapeto kwa chovala chawo. Analowa n'kupeza sutikesi yawo ili yasa pakati pa balaza, zovala zonse zitakhuthulidwa, ndi zamkati zomwe, pamaso pa Baba ndi Hamad. Ndinamva pafoni mawu awo akufunsa kuti kodi kwalowa akuba.

Atawafunsa kumene anali, anati anali pabenchi m'mbali mwa mtsinje, mkati ndithu mwa paki, akudikira azana ya Asiri. Kunali mitambo, chithunzithunzi cha munthu sichimaoneka pansi, ndipo kuwala sikumasintha. Baba anati ku Munich kulibe azana ya mumsewu. Amayi anati ayi, iwo akhala akuimva kasanu pa tsiku chifikireni. Apa Hamad anapita pashelefu ya pabalaza n'kutenga kawotchi kamene mayi ake amayenda nako, kamene kamachita azana kokha nthawi ikakwana. Amayi, ali kukhitchini kuseri kwa khoma, ankaganiza kuti mawuwo akuchokera kumzikiti wa m'dera. Hamad anaseka mpaka misozi, Madamu anaseka akulira, Madamu anga anandibwezera foni n'kunena kuti mafi mushkila, kutanthauza kuti palibe vuto. Baba yekha sanaseke.

Ndinaganiza kuti zathera pomwepo, koma ayi ndithu. Masiku otsala a ulendowo sanawalolenso kutuluka okha. Atabwerera ku Doha, ofu ya Lachisanu inakhalapobe, koma dalaivala ankawasiya ku Umm Ghuwailina n'kudikira panja injini ikulira. Kiyi wa geti la kumbuyo, amene anakhala naye zaka zonsezo, anauzidwa kuti loko wasinthidwa, ndipo watsopano sanapatsidwe. M'bale wina wa Madamu anali atapempha mtsikana wa ku Namwera, Amayi atalonjeza kale mwana wa mchemwali wawo, koma anangomva kuti kwabwera wa ku Kenya kudzera kwa ajenti. Palibe anawanyoza, palibe anawakalipira. Anangosiya kunena kuti, "Hawa, tipezere wina."

Ndipo ife eni ake, Amalawi anzawo, ndi amene tinaimaliza nkhaniyo. Amene anawakalipirapo chifukwa cha zikhadabo, amene anawanenapo za amuna, onse anapeza pobwezera. Nkhani inkakula Lachisanu lililonse. Ena ankati anagona kunja masiku atatu, ena ankati anagwidwa pamalire. Amayi akalowa, anthu ankatsinana. Tsiku lina mtsikana wina wongofika kumene anawafunsa mosadziwa kuti, "Amayi, akuti inu mukudziwa njira ya ku Germany?" Dailesi, yemwe uja anakangana nawo, ndi amene anamutulutsa mtsikanayo panja atamugwira khutu. Amayi anangotulutsa kamtengo pakamwa, n'kukayang'ana, n'kukabwezeramo. Kuyambira pamenepo anasiya kuyang'ana zikhadabo zathu, ndipo ine ndinkalakalaka atandikalipiranso.

Kontirakiti yawo itatha, Baba anati Hawa wakalamba, akapume kwawo. Anawagulira mphatso zambiri, Madamu analira, Hamad anawapsompsona pamutu. Ine ndinapemphedwa kuti ndikawathandize kulongedza. Anali masana, m'nyumba onse atagona. Tili pakati pomanga katoni, anandiuza kuti nditseke chitseko.

"Patuma, nkhani ya azana ija ndi yoona," anatero, "koma si yonse."

Ndinasiya chingwe.

"Ndinakhaladi pabenchi ndikudikira. Koma munthu woswali zaka zonsezi, thupi limadziwa lokha. Mawondo anandiuza kuti Asiri yakwana. Belu la tchalitchi linalira, ndinayang'ana uku ndi uku, nsanja ya mzikiti palibe. Ndinadziwa kuti kuno kulibe wondiitana. Ndinayala mkeka paudzu, ndinaswali, ndinaupinda."

"Nanga bwanji simunabwerere, Amayi?"

"Ndinati ndikhale pang'ono."

Anayamba kufotokoza akuyang'ana khoma. Akuti madzi a mtsinjewo anali oyera moti miyala ya pansi inkaoneka, ndipo ankathamanga ngati a kumapiri kwawo. Akuti panabwera mayi wina wachizungu, wokalamba kuposa iwo, n'kukhala pabenchi yomweyo. Sanawafunse kanthu, sanawatume kanthu. Anatulutsa buledi wouma, anawanyemera, ndipo awiriwo anakhala akuponyera abakha, wina osamva chilankhulo cha mnzake. Mayiyo atapita, iwo anatsala. Mvula inayamba kuwaza, iwo osasuntha.

"Chitsikireni ndege ku Doha, sindinakhalepo pansi khutu lisali kuchitseko," anatero. "Ngakhale kutulo ndimamva Hawa, Hawa. Tsiku limenelo lokha kunali zii. Mantha ndinali nawo, wallahi, ndinkadziwa kuti tiyi wachedwa, ndinkadziwa nkhope ya Baba. Ndinkati bakha uyu akawoloka ndinyamuka. Akawoloka, ndinkasankha wina. Shakira ndinamukumbukira pabenchi pomwepo, ndipo ndinamupempha Mulungu kuti andikhululukire mawu aja."

Ndinafunsa funso limene linkandidya kuyambira tsiku lija. "Ndiye munkafuna kuthawa?"

Anandiyang'ana ndi diso lawo lakale lija, mpaka mtima wanga unakondwa. "Ndithawire kuti, chitsiru iwe? Ndinkafuna kukhala pansi."

Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu iwo ali moyo, chifukwa anthu akamva kuti anadziwa, anena kuti Baba ankanena zoona. Ndasunga. Ngakhale pano ndikulemba ndikuopa kuti wina atenga mawu awa n'kuwapotoza, n'kunena kuti mwaona, anachita dala. Inde, anachita dala. Mayi amene analera mwana wa eni mpaka ndevu anachedwa dala ndi tiyi madzulo amodzi, kenako anadzuka yekha, anawoloka msewu n'kukagogoda pachitseko. Amene akufuna kutcha zimenezi kuthawa adzanene pamaso panga.

Kumudzi sanakhalitse. Mdzukulu wawo akuti ankadwaladwala, ndipo anthu akawafunsa za ku Ulaya ankangoti kumazizira. Ine ankanditumizira mauthenga aafupi, kufunsa ngati Hamad wapeza mkazi ndiponso ngati mtsikana watsopano akudziwa kuti Madamu safuna shuga wambiri. Uthenga womaliza anandikalipira kuti mawu anga akumveka ngati sindikudya.

Lachisanu lapitali banja lonse linakadya ku Al Duhail, ndipo Madamu anga ananditenga kuti ndikathandize kukhitchini. Ine ndi amene ndinawauza Madamu aakulu za maliro. Anakhala pampando n'kulira kwenikweni, osati kwa chiphamaso, ndipo anati apereka sadaka m'dzina la Hawa. Atapukuta maso anandigwira mkono n'kutsitsa mawu.

"Patuma, poti wapita, ndiuze zoona. Tsiku lija ankafuna kundisiya?"

"Ayi, Madamu."

"Wallahi?"

"Wallahi. Anabwera okha."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wamva koma akusungabe pena pake. Kenako anati alendo achuluka, ndikatenge mipando yopinda m'chipinda cha Hawa.

Chipindacho chili kuseri kwa khitchini, ukadutsa makina ochapira. Chilibe zenera. Antchito atsopano anawamangira kwina, ndiye muno simugona munthu. Ndinayatsa getsi. Matiresi anachotsa, patsala bedi lachitsulo lokha, ndipo pamwamba pake asanjikiza masutikesi a banja lonse, akuluakulu, opanda kanthu, kudikira kutentha kwa chaka chamawa. Ena akadali ndi timapepala ta ndege kuzogwirira. Pakhoma pali misomali iwiri yopanda chopachikapo, ndi dzimbiri pamene pankadontha madzi a AC. Fungo la mafuta awo odzola linatha, mukununkha fumbi ndi pulasitiki. Mipando yopinda ija inali itatsamira pakona pamene ankaswalira.

Ndinakankha sutikesi imodzi kuti ndipeze kampata m'mphepete mwa bedi, ndikhalepo pang'ono. Ndisanakhale, kukhitchini anayamba kuitana dzina langa.